Kuwedza trout ndi fly ku Zomba ndi ku Nyika: mmene mungayambire osaupha mtsinje

Abale anga okonda mbedza, ambirife tikamva za usodzi timangoganiza chambo, mlamba, matemba ndi nyongolotsi ya pambedza basi, koma pamwamba pa mapiri athu omwewa pali usodzi wina umene anthu amauona ngati wa azungu okha pomwe mitsinje yake ndi yathu yomwe, madzi ake ndi omwe timamwa. Ndikunena kuwedza nsomba yotchedwa trout ndi fly, nyambo yopangidwa ndi nthenga ndi ulusi pa mbedza kuti izioneka ngati kachilombo. Nsombayi si yakuno ayi, kwawo kwenikweni ndi mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America, ndipo kuno inabwera mu 1906 nthawi ya atsamunda, anaibweretsera masewera owedza omwewa. Mtundu wake ndi rainbow trout, ija ya timadontho takuda ndi mzere wofiirira mmbali. Malo ake odziwika ndi pa phiri la Zomba, mu Mulunguzi ndi madamu a pamwambapo, ndi ku Nyika mbali ya Chelinda. Mitsinje ina ya pa Mulanje anathiramonso kale.

Chifukwa chake imangokhala mmapiri nchosavuta, trout ndi nsomba ya madzi ozizira. Imasangalala madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16, akapitirira 20 imayamba kuvutika kupuma chifukwa madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, akafika cha mma 25 ndiye imfa basi. Ndiye musaiwale nambala zimenezi chifukwa zonse zimene ndinene kutsogoloku, kaya za nthawi yowedza kaya za mitengo ya mmbali mwa mtsinje, zikuchokera pomwepa.

Yambani ndi chilolezo, osati ndodo

Musanagule kalikonse pitani kaye mukafunse eni malo. Phiri la Zomba ndi nkhalango yotetezedwa, ili mmanja mwa a zankhalango, ndipo damu la Mulunguzi ndi limene limamwetsa tauni ya Zomba pansi pa Southern Region Water Board ndiye simungangofika nkuyamba kuponya ngati padziwe la kumudzi. Ku Nyika ndi paki, mukalowa pa geti la Thazima kuchokera ku Rumphi mwalowa mmalamulo a paki, chilolezo chowedzera mukafunse ku ofesi ya ku Chelinda. Funsani zinthu zitatu: nyengo yatsegulidwa kapena ayi, mukuloledwa kutenga nsomba zingati, ndipo ndi mbali ziti zimene nsomba zikupezeka chaka chimenecho. Funso lomalizali anthu amalinyozera koma ndi lofunika zedi, chifukwa trout ya mmadamu imadalira kuti wina athiremo ana a nsomba, pakapita zaka osathira damu limangokhala lokongola koma lopanda kanthu, munthu nkumaponya tsiku lonse kumadziona ngati wolodzedwa. Miyezi yozizira kwambiri ija ndi imene trout imaswana ndiye mwachizolowezi nthawi imeneyo nsomba zimasiyidwa zipume. Alonda ndi anyamata operekeza alendo amadziwa dziwe lililonse, muwapatse kangachepe akuperekezeni ulendo woyamba, ndalama imeneyo simudzaidandaula.

Zida

Apa ndi pamene anthu amathawira eti nzodula. Inde zatsopano nzodula ndipo mmasitolo akuno sizipezeka wamba, ambiri amaitanitsa ku South Africa kapena kugula kwa anthu amene akuchoka mdziko muno akugulitsa katundu. Ngati muli ndi mbale wanu ku Joni muuzeni akuyang'anireni seti ya oyamba kumene, imabwera ndodo, reel (kagudumu kokulungirapo chingwe) ndi chingwe pamodzi. Ndodo ya mafiti 9, imeneyo ndi pafupifupi mamita 2.7, ya weight 5 (nambala yosonyeza kulemera kwa chingwe chimene ndodoyo imaponya), imagwira ntchito pa damu ndi mu mtsinje momwe. Ngati mukudziwa kuti muzikhalira mu timitsinje tothina ta mitengo yambiri ngati kumtunda kwa Mulunguzi bola yaifupiko, mafiti 7 kapena 8, weight 3 kapena 4. Chachikulu nambala ya chingwe ifanane ndi nambala ya ndodo, ndodo ya 5 chingwe cha 5, ndipo choyamba gulani choyandama. Reel musaonongerepo ndalama zambiri, pa trout zathuzi ntchito yake ndi kungosunga chingwe.

Kusiyana kwa usodzi uwu ndi umene tinazolowera kuli pa chingwe. Pa mbedza wamba chimene chimakoka chingwe kupita kutali ndi kulemera kwa chitsulo kapena nyambo. Apa fly ilibe kulemera kulikonse, ndi nthenga ndi ulusi basi, ndiye cholemera ndi chingwe chenichenicho, mukuponya chingwe ndipo fly imangotsatira. Kumapeto kwa chingwe chokhuthalacho mumamangako leader, nayiloni yoonekera ya mafiti 9 imene imayamba yonenepa nkumaonda kumka kunsonga, kenako tippet, kachidutswa kowonda kwambiri komangirapo fly. Tengani tippet ya saizi 4X ndi 5X, nambala ikamakwera ndiye kuti kakuondera ondera. Mfundo phunzirani ziwiri zokha poyamba, clinch yomangira fly ndi surgeon's yolumikizira tippet ku leader, makanema ake ali mbwee pa YouTube. Mfundo iliyonse muinyowetse ndi malovu musanakoke, mukakoka youma nayiloni imapsa nkudzadukira pomwepo nsomba itadya.

Zina zazing'ono: kapulayala, kodulira zikhadabo kodulira nayiloni, kaukonde kamanja kofewa, chipewa, ndi magalasi. Magalasiwo si ofuna kutchena, mbedza imadutsa pafupi ndi nkhope mukamaponya ndipo diso ndi limodzi limodzi. Akakhala a polarized ndiye bwino kwambiri chifukwa amachotsa kunyezimira kwa pamadzi mumaona mpaka pansi. Zovala valani zosawala, zobiriwira kapena zotuwa, malaya oyera mbee aja musiyire kutchalitchi. Ndipo juzi musaiwale, ku Nyika nkopitirira mamita 2,000 kutalika kwake, mmawa kumazizira moti zala zimakana kumanga mfundo.

Ma fly enieniwo

Musadzaze bokosi ndi mitundu 50. Trout imadya kwambiri pansi pamadzi, tizilombo tokhala kunsi kwa miyala, ndiye yambani ndi ma nymph awiri, ma fly omira ofanana ndi tizilomboto, Pheasant Tail ndi Hare's Ear, a mbedza za saizi 12 mpaka 16. Onjezerani Woolly Bugger yakuda ndi yobiriwira saizi 8 kapena 10, imeneyi pa damu ndi mfumu chifukwa nsomba imaiona ngati mbululu, kansomba kapena mwana wa tombolombo. Za pamwamba pamadzi tengani Adams ndi Elk Hair Caddis, ndi imodzi yofanana ndi chiwala chifukwa mmadambo a ku Nyika mphepo imagwetsera ziwala mmadzi. Mvula yoyamba ikagwa ngumbi zikatuluka, chilichonse cha mapiko ataliatali choyandama chimadyedwa mosaganiza kawiri, tsiku limenelo ngakhale wophunzira amaoneka katswiri kkkk.

Ndipo ma fly mukhoza kumanga nokha, ine ndimaona kuti apa ndi pamene Amalawi tingapambane. Ma fly ambiri ogulitsidwa ku Ulaya ndi ku America amamangidwa ndi manja ku Kenya, anthu ngati ife tomwe. Nthenga za tambala za mkhosi, nthenga za nkhanga, ulusi wosokera, ubweya wa juzi yakale, kawaya ka kopa kochokera mu chaja yakufa, zonsezi zili pakhomo. Kulungani ulusi pa mbedza kuyambira kudiso kumka kumbuyo, mangani tinthenga titatu ngati mchira, zengerezani ubweya kupanga thupi lowonda kumbuyo lonenepa kutsogolo, kulungani kawaya kaja pamwamba kuti ilimbe komanso imire, malizani ndi mfundo pafupi ndi diso nkudonthezapo polishi wa zikhadabo. Yoyamba idzaoneka yonyansa koma nsomba sizisankha ngati anthu.

Phunzirani kuponya pabwalo, osati pamtsinje

Pitani pa bwalo la mpira madzulo, kunsonga mangani kachidutswa ka ubweya mmalo mwa mbedza. Tulutsani chingwe mamita 8 kapena 10 chigone patsogolo panu chowongoka. Gwirani ndodo chala chachikulu chili pamwamba, nsonga ili pansi pafupi ndi udzu. Kwezani pang'onopang'ono kenako mofulumira, nkuima nji ndodo itangopitirira khutu lanu pang'ono. Apa dikirani, ndipo kudikira kumeneku ndiye chinsinsi chonse, chingwe chiyenera chiwongoke kaye kumbuyo kwanu, tembenukani muzichiona ndithu palibe manyazi. Chikawongoka bweretsani kutsogolo nkuimanso nji nsonga ili pamwamba pa mutu pang'ono, kenako tsitsani ndodo chingwe chikamatera. Zili ngati mukufuna kuthothola thope lomata kunsonga ya ndodo, sikukankha ndi mphamvu koma kuima mwadzidzidzi kuja. Mukamva chingwe chikulira phwaa kumbuyo ndiye kuti mwafulumira kubwerera, pamtsinje fly yanu ikanaduka. Chikamamenya pansi kumbuyo ndiye kuti dzanja mukulipinda kwambiri pa mfundo ya mkono, ndodo ikupita mmbuyo mopitirira.

Mukatha zimenezo phunzirani roll cast, chifukwa mu Mulunguzi malo ambiri kumbuyo kwanu kuli mitengo ndi ziyangoyango. Mumakweza ndodo pang'onopang'ono mpaka chingwe chilendewere kumbuyo kwa phewa chikadali chokhudza madzi kutsogolo, nkumenya kutsogolo, chimagudubuzika chokha pamadzi. Iyi yokha imafuna madzi, pa udzu siituluka bwino. Ndipo musavutike ndi zoponya kutali, nsomba zambiri za mu mtsinje zimagwidwa pa mtunda wosapitirira mamita 10.

Mukafika pamadzi khalani kaye pansi

Ili ndiye gawo limene ndimalikonda ndipo ndi limene limasiyanitsa msodzi ndi munthu wongonyamula ndodo. Mphindi 10 zoyamba musaponye. Khalani patali pang'ono muyang'ane. Kodi pali timizere tozungulira pamadzi posonyeza kuti nsomba ikudya pamwamba? Pali tizilombo touluka? Kenako pitani kumunsi kumene simukufuna kuwedza, tolani mwala wa mmadzi othamanga muutembenuze. Mtsinje wamoyo kunsi kwa mwala kumakhala piringupiringu, tizilombo tathyathyathya ta michira itatu kapena iwiri, tina tokhala mu timanyumba ta mchenga ndi timitengo tomata pamwala, nkhanu zazing'ono. Onani kukula kwake ndi mtundu wake nkusankha fly yoyandikira pamenepo, kukula ndiye kofunika kuposa mtundu. Mwalawo bwezerani mmene munaupezera. Mukapeza miyala yokutidwa ndi matope, yoterera, yopanda kanthu kunsi, dziwani kuti kumtunda kwachitika zinazake, ndipo nkhani imeneyo tiibwerera.

Trout mu mtsinje imayang'ana kumene madzi akuchokera, kudikira chakudya chibwere chokha. Ndiye inu yambirani kumunsi muzikwera, muziifikira kumbuyo. Yendani mofatsa chifukwa imamva kugunda kwa mapazi kudzera mmadzi, chithunzithunzi chanu chisagwere padziwe, pena mpaka kugwada kumene. Siikonda kulimbana ndi madzi amphamvu koma imafuna kukhala pafupi nawo, choncho muiyang'ane pamene madzi othamanga akukumana ndi odekha, kuseri ndi kutsogolo kwa mwala waukulu, pansi pa gombe lokumbika, pansi pa nthambi zolendewera, ndi pamutu pa dziwe pamene mathithi akugwera. Mzere wa thovu ukamayenda pamadzi tsatirani umenewo, kumene kukupita thovu nkumene kukupita chakudya. Malo ngati kumunsi kwa Williams Falls ndi Mandala Falls amakuphunzitsani kuwerenga madzi ngakhale tsiku limene simugwira kanthu, koma Loweruka ndi Lamlungu kumachuluka anthu ojambulitsa ndiye bola kulawira kapena pakati pa sabata.

Ponyani fly kumtunda kwa malo amene mukuganizira, mita imodzi kapena awiri, ndipo muisiye iyende pa liwiro la madzi. Ikamakokedwa ndi chingwe nkumang'amba madzi nsomba imadziwa kuti ichi nchabodza. Chingwe chikamabwerera kwa inu muzichikoka ndi dzanja lamanzere kuti chisalendewere, chikudutsa pansi pa chala cha dzanja logwira ndodo. Ndi nymph simuona nsomba ikudya, ndiye mangani kaubweya kowala pa leader ngati chizindikiro, kutalika kwake kuchokera pa fly kukhale kuya kwa madzi kamodzi ndi theka. Kakangoima, kumira kapena kupita chammbali, kwezani ndodo nthawi yomweyo. Nthawi zambiri udzakhala mwala, koma kukweza nkwaulere. Kwezani mofatsa osati kuzula ngati mukukoka mlamba, 5X imaduka.

Pa damu nkhani imasintha pang'ono chifukwa madzi sayenda ndiye fly muiyendetse ndinu. Ponyani Woolly Bugger, werengani mpaka 10 kuti imire, kokani pang'onopang'ono mokhala ngati mukuima ima. Palibe kanthu, ulendo wina werengani mpaka 20, kenako 30, mpaka mupeze pamene nsomba zili. Yesani polowera mtsinje, mmbali mwa udzu wa mmadzi, ndi gombe limene mphepo ikuwombera chifukwa chakudya chimakankhidwira kumeneko ngakhale kuponya kwake nkovuta. Mmawa kwambiri ndi madzulo dzuwa likapendeka ndiye nthawi yake. Mu Okutobala ndi Novembala masana dzuwa likuswa mtengo ingopumani, nsomba imene mungaigwire mmadzi ofunda ngakhale muibweze nthawi zambiri imakafera kutsogolo. Kathemomita kotchipa mthumba kamathandiza, madzi akafika 20 pindani ndodo.

Ikadya

Ndodo ikhale mmwamba yopindika, ndiyo imateteza tippet. Ikathamanga ilekeni itenge chingwe, ikaima kokani. Rainbow imakonda kudumpha, ikadumpha tsitsani nsonga pang'ono. Musaseweretse nthawi yaitali kufuna kuti anzanu ajambule vidiyo, ifikitseni msanga mu kaukonde mutu uli kutsogolo.

Tsono apa sankhani msanga, ya ndiwo kapena yobweza. Ngati chilolezo chikulola ndipo mukufuna kudya, imenyeni kamodzi mwamphamvu pamutu kuseri kwa maso ithe pomwepo, osaisiya iziphupha pa udzu. Tumbulani msanga, ndipo tsegulani chifu muone zimene imadya, limenelo ndi phunziro laulere la fly ya mawa. Zamkatizo kwirirani kutali ndi madzi. Trout siifuna zambiri, mchere, ndimu, kukazinga pang'ono kapena kuotcha, minga yake ndi yochepa. Ine maganizo anga ndi akuti ya mu damu lothiridwa tengani imodzi kapena ziwiri mudye ndi mtima woyera, koma ya mu mtsinje imene yaswana yokha bwezani, chifukwa timitsinje timeneti ndi tating'ono, anthu asanu okha otenga chilichonse akhoza kukokolola dziwe lonse pa mwezi umodzi.

Kubweza nakonso kuli ndi kachitidwe kake. Musanayambe nkomwe kuwedza finyani kandevu ka mbedza ndi pulayala kuti izituluka mosavuta, zimathandizanso tsiku limene mbedza idzalowe mkhutu mwanu. Nyowetsani manja musanaigwire chifukwa manja ouma amachotsa kuterera kwa pakhungu kumene kumaiteteza ku matenda. Zala zisalowe mmakha, osaifinya pamimba, osaigoneka pa mchenga. Chotsani mbedza ili mmadzi momwemo, ngati yameza kwambiri dulani tippet muisiye. Chithunzi chikhale cha masekondi ochepa. Kenako igwireni mofatsa mmadzi mutu utayang'ana kumene madzi akuchokera mpaka iyambe kudzimenya yokha nkuchoka.

Tsopano za mtsinje

Aliyense amene wakwera phiri la Zomba zaka zapitazi waona yekha mmene mapaini ndi mitengo yachilengedwe yathera mmalo ambiri, anthu akutsika ndi matabwa ndi mitolo ya nkhuni pamutu, moto wolusa chaka ndi chaka. Sindikunyoza amayi otola nkhuni, umphawi ndi kuvuta kwa magetsi tonse tikukudziwa. Koma onani mmene zimayendera mmadzi. Mitengo ya mmbali mwa mtsinje ikapita, dzuwa limamenya madzi tsiku lonse ndipo madigiri aja amakwera. Mvula ikagwa pa nthaka yambee kapena yopsa, madzi salowa pansi, amathamanga ndi dothi kukathira mu mtsinje. Dothilo limatseka mipata ya timiyala, ndipo mipata imeneyo ndi mmene trout imaikira mazira, ndi mmene tizilombo tija timakhala. Mazira amafuna madzi azidutsamo kuwapatsa mpweya, akakwiririka ndi matope amafa. Kenako chilimwe akasupe amaphwa msanga chifukwa madzi sanalowe pansi. Dothi lomwelo likafika mu damu la Mulunguzi limadya malo a madzi akumwa. Ndipo Mulunguzi akatsika phiri amakathira mu Likangala, Likangala nkukathira mu nyanja ya Chilwa, ija inaphwa mu 1995 nkudzaphwanso kwambiri mu 2018. Ndiye munthu wa matemba ku Kachulu ndi munthu wa fly pamwamba pa phiri akumwera chitsime chimodzi, kungoti wapamwambayo ndi amene amayamba kuona vuto, chifukwa trout imafa msanga kuposa nsomba zina zambiri madzi akayamba kuonongeka.

Nanga inu mungachite chani? Choyamba nchapafupi, nayiloni iliyonse imene mwadula ilowe mthumba, imakola mbalame ndi akatumbu ndipo siiola. Nyamulani jumbo yopanda kanthu popita, pobwera ikhale yodzaza ndi mabotolo ndi mapepala a anthu ena, makamaka malo a pikiniki aja. Osasamba ndi sopo kapena kutsuka galimoto mu mtsinje, tungani madzi mukachitire patali. Chimbudzi chikakupezani pitani kutali ndi madzi mukumbe nkukwirira, kumbukirani kuti kumunsi wina akumwa. Moto wophikira pa malo ololedwa okha ndipo muuzime ndi madzi, ndudu ya fodya imodzi mu Seputembala ikhoza kutentha phiri lonse. Poyenda mmadzi pewani malo osaya a timiyala toyera toonekera ngati tasesedwa, pamenepo mwina pali mazira. Mukachoka ku mtsinje wina kupita wina tsukani nsapato ndi kaukonde nkuziumitsa padzuwa, matenda a nsomba ndi mbewu za zomera zoononga zimayenda pa zinthu zonyowa.

Chachiwiri nchofuna anthu ambiri. Nyengo yodzala mitengo mdziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndiye mmalo mongodikira mwambo wa akuluakulu wojambulitsa, gwirizanani ndi komiti ya zachilengedwe ya mmudzi wapafupi ndi alangizi a zankhalango, musankhe chigawo chimodzi cha mtsinje chikhale chanu. Mmbali mwa madzi dzalani yachilengedwe yokonda madzi monga katope, mkuyu ndi mbawa, bulugamu ayi chifukwa amamwa kwambiri, ndipo pamene gombe likugumuka vetiva ndi nsungwi zimagwira dothi. Koma kudzala nkosavuta, ntchito ili pa kupalira ndi kulambula njira zotchinga moto mu Meyi ndi Juni udzu usanaumitsitse, mitengo yambiri imene timadzala ndi nyimbo mu Januwale imapsa mu Okutobala palibe ndi mmodzi yemwe wobwera kudzaiona. Malo ena simufunikanso kudzala, zitsa zimaphukira zokha bola moto ndi mbuzi zitalikire. Ku Nyika nkosiyana, kumene kuja udzu ndi madambo ndiwo amasunga madzi ndipo mapaini a ku Chelinda amafalikira okha mmadambo, ndiye musapite ndi mbande zanu kumeneko, za mupaki asiyireni a paki.

Chachitatu, khalani maso. Lembani mu kabuku kapena mufoni tsiku, malo, kutentha kwa madzi, mtundu wa madzi ndi zimene mwapeza kunsi kwa miyala, jambulani malo omwewo chaka chilichonse. Mukaona nsomba zakufa zambiri, madzi asintha mtundu, anthu akuthira katupe kapena mankhwala a mmunda padziwe, kapena akukokolola ndi neti ya udzudzu, musalimbane nawo nokha, kauzeni alonda, a zausodzi kapena amfumu muli ndi zithunzi mmanja. Kupha nsomba ndi mankhwala nkoletsedwa ndi lamulo la zausodzi la 1997, ndipo katupe sasankha, amapha ndi ana omwe ndi tizilombo tonse ta dziwelo.

Chinthu china choti tinene mosabisa: trout ndi mlendo ndipo ndi mlenje, imadya mbululu, tizilombo ndi tinsomba tachilengedwe. Ku South Africa nkhani imeneyi yakhala ikukanganitsa asodzi ndi akatswiri a zachilengedwe kwa zaka zambiri chifukwa mmitsinje ina inathetsa tinsomba takomweko. Ndiye mmene ilimo kale tiisamale, koma musadzayerekeze kunyamula trout, bass kapena nsomba ina iliyonse mu ndowa kukathira mu mtsinje kapena damu lina chifukwa choti mukufuna muziwedza pafupi ndi kwanu. Ikalowa siitulukanso, ndipo mapiri athuwa ali ndi achule ndi tizilombo tina tosapezeka kwina kulikonse.

Dzanja likazolowera, ndodo yomweyo ikhoza kukutengerani ku nsomba yathu yeniyeni, mpasa, imene imachoka mu nyanja ya Malawi kukwera mitsinje ngati Bua kukaikira mazira pa timiyala, ndipo nayonso ikuchepa chifukwa cha matope omwewa ndi maukonde otchinga pa mathiriro. Imakula kuposa trout zathu zambiri, mpaka makilogalamu 3 kapena 4, ndiye pamafunika tippet yolimbirapo, 1X kapena 2X, ndi fly yoyera yonyezimira yofanana ndi kansomba, yokokedwa mofulumira modutsa madzi. Chigawo cha Bua cha mu nkhalango ya Nkhotakota chili pansi pa bungwe losamalira mapaki la African Parks kuyambira 2015, chilolezo mukafunse kumeneko ndipo konzekerani kubweza zimene mwagwira. Kumeneko musalowe mmadzi ngati ku Zomba, muli ng'ona, ndipo mmbali mwake mumayenda njovu, ndiye ponyerani pamwala wokwera muli ndi mlonda wa mfuti pambali panu.